Mitu yosongoka: bwanoni wathu ndi kachilombo kobisala m'nthaka

Wophunzira za ulimi kapena zamoyo akalemba mawu akuti conehead pa foni yake pofufuza, amabalalika ndi zimene zimatuluka. Chithunzi choyamba chimakhala cha kachilombo kobiriwira, ka tinyanga titalitali, kamene aliyense wokulira kuno amakazindikira asanaphethire n'komwe: ndi bwanoni, kapena m'bale wake. Chachiwiri ndi kanthu kotuwa ngati kachidutswa ka ulusi, kopanda maso, kopanda mapiko, kojambulidwa ndi maikulosikopu: kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Protura. Akatsitsa pang'ono akumananso ndi chiswe cha ku Florida, ku America. Zonsezi zili ndi dzina limodzi, ndipo m'pomveka kuti ena amaganiza kuti kaulusi kaja ndi kamwana ka bwanoni kasanamere mapiko. Si choncho ayi. Chibale cha bwanoni ndi kachilombo ka m'nthakako n'chakutali kuposa cha bwanoni ndi udzudzu.

Dzina lochokera pa maonekedwe

Mawu a Chingeleziwa amangotanthauza mutu wosongoka, wotambalala m'munsi n'kuthera ku nsonga monga denga la nkhokwe. Si dzina la fuko. Lili ngati mayina amene anthu amapatsana poona thupi la munthu. Pa msika uliwonse pamapezeka wina amene anzake amamuitana kuti Kafupi, koma a Kafupi a ku Mchinji ndi a Kafupi a ku Nsanje salirana maliro chifukwa cha dzinalo.

Akatswiri a zamoyo amathawa chisokonezo chotere potchula chamoyo chilichonse ndi mayina awiri a Chilatini, loyamba longa mfunda, lachiwiri lakelake. Anakhazikitsa njirayi ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo mayina a nyama amawerengedwa kuyambira pa buku lake la mu 1758. Wophunzira wake, Carl Peter Thunberg, amene anakhala zaka zitatu ku Cape, kumwera kwa Africa, akutola zomera ndi tizilombo, ndiye mu 1815 anatcha gulu lina la tizilombo tonga ziwala kuti Conocephalus, polumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza chosongoka, lina mutu. Dzina la Chingelezi lija limanena zomwezo. Linadzafalikira ku zamoyo zina chifukwa chamoyo cha mutu wosongoka si chimodzi.

Bwanoni si dzombe

Mvula ikamapita kumapeto, udzu utatulutsa ngala, pamabwera usiku wina umene uthenga umathamanga m'makwalala ngati moto wolusa: bwanoni wagwa. Ndimakumbukira pansi pa getsi la pa golosale ina kwathu, ana ndi akulu omwe tili pikitipikiti, wina ndi chigubu chodula kukamwa, wina ndi jumbo, wina akukupa m'mwamba ndi chitenje. Ukamgwira molakwika amakuluma chala mpaka kusiya chidindo, pakuti nsagwada zake ndi zoswera njere za udzu. M'mawa mwake amayi ankathothola mapiko ndi miyendo, n'kumuponya m'chiwaya chouma ndi kamchere. Mafuta ankatuluka okha. Oyeza zakudya anapeza kuti bwanoni akaumitsidwa, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo gawo loposa limodzi mwa magawo atatu ndi zomanga thupi. Ine ndikamva dzina lake ndimamvamo kunona.

Tsiku lina mudzamuyang'anitsitse asanalowe m'chiwaya. Nkhope yake ndi yopendekera kumbuyo, ndipo pakati pa tinyanga pali kansonga kotulukira kutsogolo. Ndiko kanabala dzina lija. Tinyanga take ndi towonda ngati tsitsi, totalika ngati thupi lonse kapena kuposa. Wamkazi ali ndi kalupanga kowongoka kumchira. Ana ambiri amakaopa poyesa mbola, koma sikaluma. Ndi koikira mazira, ndipo amakalowetsa pakati pa tsamba la udzu ndi phesi lake kuti mazirawo abisale.

Zizindikiro ziwirizi, tinyanga titalitali ndi kalupanga, ndizo zimagawa pawiri mtundu wonse wa tizilombo todumpha. Mbali imodzi kuli a tinyanga tifupitifupi: dzombe, chitete, nunkhadala, tsokonombwe. Mbali inayo kuli gulu lotchedwa Ensifera, kutanthauza onyamula lupanga, ndipo bwanoni ali kumeneko pamodzi ndi nkhululu. Choncho ngakhale pa maonekedwe afanana ndi chiwala, m'bale wake wa bere limodzi ndi nkhululu ya kuuna ija. Banja la bwanoni limatchedwa Tettigoniidae ndipo lili ndi mitundu yoposa 8,000. Anthu a ku America amawatcha katydid potsanzira kulira kwa mtundu wina wa m'mitengo ya kwawo, pamene a ku Britain amati bush cricket. A mitu yosongoka ndi nthambi imodzi chabe ya banja limeneli.

Kusiyanaku kuli ndi ntchito kwa mlimi. Dzombe lofiira, limene limaswana m'madambo ngati a ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo linasakaza minda m'chigawo chino cha Africa kuyambira mu 1930 mpaka mu 1944, limauluka masana n'kudya masamba mpaka munda kutsala mapesi. N'chifukwa chake mayiko anakhazikitsa bungwe lolilondalonda, limene likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia. Bwanoni amauluka usiku, ndipo mtima wake uli pa maluwa ndi njere za udzu. Angathe kuononga mpunga, mapira ndi mawere ngala zikadali zamkaka, koma sadya chilichonse chobiriwira monga lichitira dzombe.

Dzina lake la Chilatini ndi Ruspolia differens. Mtunduwu anaulemba koyamba ndi Audinet-Serville wa ku France mu 1838. Dzina lakuti Ruspolia linadza mu 1898 pokumbukira Eugenio Ruspoli, mwana wa banja lolemekezeka la ku Roma, amene ankatola zomera ndi tizilombo ku Somalia ndi kumwera kwa Ethiopia mpaka njovu inamupha mu 1893. M'mabuku akale mudzapeza bwanoni atalembedwa kuti Homorocoryphus, ndipo ena ankamusokoneza ndi m'bale wake wa ku Ulaya, Ruspolia nitidula.

Nanga kansonga ka pamutu kaja ntchito yake n'chiyani? Kwa akatswiri n'kothandiza kwambiri: mitundu ya ku America ya gulu la Neoconocephalus amaisiyanitsa poona utali wa kansongako ndi mawanga akuda a kunsi kwake. Koma kwa mwini wake kamathandiza chiyani, mpaka pano sanagwirizane. Ena amati ndi kobisalira, chifukwa ina mwa mitunduyi ikadzidzimuka masana imadziponya chamutu m'tsinde la udzu, thupi lili njo m'mwamba, n'kuoneka ngati tsamba. Ena, poona mitundu ya m'nkhalango za ku Central America imene kansongako kanakula ngati nyanga ya chipembere, amati ndi chida chodzitetezera kwa mileme ndi mbalame. N'kutheka kuti zonse ziwiri n'zoona, mtundu uliwonse ndi yake.

Makutu a m'miyendo

Kulira kwa bwanoni sikuchokera pakhosi. Wamwamuna ndiye amaimba, ndipo choimbira chake ndi mapiko awiri akutsogolo. Kunsi kwa phiko lamanzere kuli mzere wa timano tonga ta chipeso, ndipo m'mphepete mwa phiko lamanja muli kouma kokwechera. Akamatsegula ndi kutseka mapikowo mofulumira zimakhala ngati mwana akuyendetsa chikhadabo pa mano a chipeso. Pafupi pomwepo pali kachikopa kopyapyala kamene kamakuza mawuwo monga chichitira chikopa cha ng'oma. Ziwala zambiri zimaimba mwa njira ina, pokwecha mwendo wakumbuyo pa phiko.

Kum'mawa kwa North America kuli mtundu wotchedwa Neoconocephalus robustus umene kulira kwake, akayezera pafupi, kumafika madesibelo 116 pa muyeso wa kukula kwa phokoso, ndipo kumamveka munthu ali pa mtunda wa theka la kilomita. Mapiko ake amakwechana pafupifupi ka 200 pa sekondi imodzi. Kuti minofu ithe kuthamanga chomwecho, kachilomboka kamayamba kadzitenthetsa pachifuwa kasanayambe nyimbo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi makutu. Sali pamutu wosongoka uja. Ali pa miyendo iwiri yakutsogolo, kunsi kwa bondo, ndipo mukayang'ana bwino pa mwendo wa bwanoni mudzaona timing'alu tiwiri. Dzombe makutu ake ali m'mbali mwa mimba. Mu 2012, Fernando Montealegre-Z ndi anzake a pa yunivesite ya Bristol anafalitsa zimene anapeza mu khutu la mtundu wina wa mutu wosongoka, Copiphora gorgonensis, wa pa chilumba cha Gorgona ku Colombia. Khutulo silikwana milimita imodzi, koma limagwira ntchito m'magawo atatu ofanana ndi a khutu la munthu: kachikopa kolandira mawu, kachiwalo kolimba kokankha monga tichitira timafupa ta m'khutu mwathu, ndi kathumba ka madzi kolekanitsa mawu okwera ndi otsika. Munthu ndi kachilomboka sanatengere khutu limeneli kwa kholo limodzi. Aliyense anafika pa nzeru yomweyo podzera njira yake.

Makutuwa ali ndi ntchito ziwiri. Wamkazi amamvera nawo nyimbo ya mwamuna, ndipo onse awiri amamvera nawo mileme, imene posaka imalira ndi mawu okwera kwambiri oti khutu lathu silimva. Nyimbo za mitundu ina nazonso n'zokwera motero. Ku Britain, anthu achikulire ambiri samvanso kulira kwa timitundu ting'onoting'ono ta Conocephalus, moti owerengera tizilomboti amayenda ndi kachipangizo komvetsera mileme kuti atipeze m'udzu.

Kumene bwanoni ndi chuma

Bwanoni amadyedwa m'mayiko ambiri. Kumpoto kwa Zambia amamutcha nshonkonono, Ahaya a ku Bukoba m'dziko la Tanzania amati senene. Koma kumene wasanduka malonda aakulu ndi ku Uganda, kumene dzina lake ndi nsenene. Kumeneko amagwa kawiri pachaka potsatira nyengo ziwiri za mvula, cha mu Epulo ndi Meyi, kenaka mu Novembala ndi Disembala. M'chinenero cha Luganda mwezi wa Novembala umatchedwa Musenene. Pakati pa mafuko a Baganda pali la Nsenene, ndipo anthu a fuko limenelo samudya. Kale mwambo unkaletsanso akazi kumudya, ngakhale kuti otola ndi ophika anali iwo omwe. Lero mwambowo unazilala.

Kagwiridwe kake kanasintha magetsi atafika. Ku Masaka ndi ku Kampala, amalonda amaimika malata atsopano onyezimira mopendekeka, m'munsi mwake atalowa m'migolo yopanda zivundikiro. Pamwamba amayatsa mababu owala koopsa, pansi n'kusonkha moto wa udzu wauwisi kuti utsi uledzeretse nsenene. Akawomba lata amatsetsereka n'kugwera mu mgolo, ndipo sathanso kukwera. Kukacha, matumba ali pa magalimoto kupita ku misika. Ntchitoyi ili ndi zowawa zake. Kuwala kwa mababuwo kumapweteka maso, mawaya olumikiza mwachidule amapha anthu, ndipo magetsi omwewo amaitananso kachikumbu kofiira ndi kwakuda kotchedwa Nairobi fly, kamene ukakaphwanyira pakhungu pamatuluka matuza ngati wapsa ndi madzi otentha.

Funso lakale kwambiri n'lakuti khamu lonseli limachokera kuti. Makolo a ku Uganda ena ankati limagwa kuchokera kumwamba, ena ankati limatuluka m'nyanja ya Victoria. Ofufuza a pa yunivesite ya Makerere, mogwirizana ndi anzawo a ku Finland, anapeza kuti bwanoni amakhala m'madambo ndi m'malo a udzu chaka chonse, mmodzimmodzi, mwakachetechete, ndipo amachuluka udzu ukachita maluwa mvula itagwa. Kamwana kake kamaswa kali kofanana kale ndi make, kungoti n'kopanda mapiko, ndipo kamafundula kangapo kasanakhwime. Apa mpamene pagona yankho la chisokonezo chija: kamwana ka bwanoni kali ndi maso, kali ndi tinyanga, kamakhala pa udzu, osati m'nthaka.

Chimene chimawadzutsa onse usiku umodzi, ndi mtunda umene amauluka asanafike pa getsi, n'zimene zikufufuzidwabe. Pali mkanganonso pa za kuchepa kwake. Otchera ena amadandaula kuti nyengo zina migolo imakhala yopanda kanthu. Ena amaloza chala misampha ya magetsi kuti ikukokolola ndi aakazi omwe asanaikire mazira, ena amati vuto ndi madambo amene asanduka minda ndi malo omangapo nyumba, ena amati ndi mvula imene yasiya kusunga nthawi yake. Pofuna kuti anthu asamadalire wakutchire yekha, a ku Makerere ndi a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi akhala akuyesa kumuweta monga tiwetera nkhuku. Chimodzi mwa zovuta n'chakuti ukawaunjika malo amodzi amadyana okhaokha.

Kwina nkhani ndi yosiyana. Ku Britain, mtundu wa mapiko aatali, Conocephalus fuscus, unkapezeka m'mphepete mwa nyanja kumwera kokha, koma kuyambira m'ma 1980 wafalikira kumpoto mtunda wautali. Mu 2001 Chris Thomas ndi anzake anaonetsa kuti kumalire kumene mtunduwu wangofika kumene kumachuluka a mapiko otalika kuposa anzawo, odziwa kuuluka. Ambiri amati chawatsegulira njira ndi kutentha kwa dziko, ena amawonjezapo kusintha kwa kasamalidwe ka minda ndi udzu wa m'mbali mwa misewu.

Winayo, amene timamuponda osadziwa

Tsopano tisiye udzu, titsike pansi pa masamba owola. Kumeneko kuli tizilombo totchedwa Protura, ndipo nato pa Chingelezi ndi conehead chifukwa kamutu kake n'kosongoka. Tambiri utali wake ndi pakati pa theka la milimita ndi mamilimita awiri. Ganizirani njere ya bonongwe, koma yowonda ngati tsitsi, yotuwa moti pa dothi siioneka. Tilibe maso. Tilibe mapiko. Tilibenso tinyanga, chinthu chachilendo kwambiri pakati pa zamoyo za miyendo isanu ndi umodzi. M'malo mwake timanyamula miyendo iwiri yakutsogolo m'mwamba, kutsogolo kwa mutu, n'kumafufuza nayo njira monga achitira ndi ndodo munthu wosaona, ndipo timayenda ndi inayi yotsalayo. Pa miyendo yonyamulidwayo pali tiubweya tomvera fungo ndi kukhudza, ndipo akatswiri amawerenga tiubweya timeneti kamodzikamodzi kuti asiyanitse mitundu.

Anthu akhala akulemba za njuchi ndi dzombe kwa zaka zikwi zingapo, koma Protura anadziwika mu 1907. Agostino Dodero, wotola zikumbu wa ku Genoa ku Italy, anapeza tinthu tachilendo m'dothi n'kutipereka kwa Filippo Silvestri, amene ankaphunzitsa ku Portici pafupi ndi Naples. Silvestri anaona kuti sitikulowa m'gulu lililonse lodziwika. Anatcha mtundu woyambawo Acerentomon doderoi polemekeza wotolayo, ndipo gulu lonse analitcha Protura, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza choyamba ndi mchira. Patangotha zaka ziwiri, Antonio Berlese wa ku Florence analemba buku lathunthu la tizilomboti.

Berlese yemweyo ndiye anapanga chida chimene chinatsegula dziko la m'nthaka. Mu 1905 anakonza fanulo yokhala ndi sefa pamwamba, yozunguliridwa ndi madzi otentha. Ukaika dothi ndi zinyalala pa sefayo, zimauma pang'onopang'ono, tizilombo timathawira pansi pofuna chinyontho, n'kugwera m'kabotolo ka sipiriti. Mu 1918 Albert Tullgren wa ku Sweden anachotsa madzi otenthawo n'kupachika babu la magetsi pamwamba, ndipo mpaka lero chidachi chili chomwecho. N'chosavuta moti sukulu ya sekondale yokhala ndi maikulosikopu ingachipange ndi botolo la pulasitiki lodula pakati, kachidutswa ka sefa ndi babu. Pamangofunika kudikira masiku angapo osagwedeza botolo.

Lero mitundu yodziwika ili pafupifupi 800. Yoposa 100 mwa imeneyi anailemba ndi mayi mmodzi, Yin Wenying wa ku Shanghai, amene mu 1965 anafotokoza kamtundu kofiirira, Sinentomon erythranum, kosiyana kwambiri ndi tinzake moti anachita kukatsegulira banja lakelake. Malo ena tizilomboti timasowa, kwina timachuluka modabwitsa. M'nkhalango ina ya ku Germany anawerenga toposa 90,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi.

Kakulidwe kake ndiko kanazunguza akatswiri. Kamwana ka bwanoni kamaswa ndi mfundo za mimba zokwana kale, ndipo pofundula zimangokula. Ka Protura kamaswa ndi mfundo 9, n'kumawonjezera pofundula mpaka zitakwana 12, monga nzimbe iwonjezera mfundo ikamatalika. Kakulidwe kotere timakadziwa kwa bongololo, osati kwa ntchentche kapena gulugufe. Kupuma nakonso n'kosiyana: mitundu ina ili ndi timabowo topumira m'mbali mwa chifuwa, ina ilibiretu, mpweya umangolowera pakhungu. N'chifukwa chake dothi likauma timafa msanga.

Nanga timadya chiyani? Mitengo yambiri imakhala pa ubale ndi bowa. Bowa amene timazula m'dzinja ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyera tomwazikana m'nthaka, timene timakuta nsonga za mizu ngati sokosi. Timaulusito timatungira mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo n'kubwezera shuga. Mu 1959 Helmut Sturm wa ku Germany anaona Protura akuboola timaulusi totere n'kumayamwa madzi ake. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Göttingen, atayeza zimene zili m'matupi a tizilomboti, anapeza umboni wakuti mtundu umene anauyezawo umadaliradi bowa wa m'mizu. Pano m'pamene nkhaniyi imatikhudza. Mitengo ya m'nkhalango zathu, mombo, mchenga ndi msuku, ndi ya ubale womwewu, ndipo n'chifukwa chake ndelema ndi manyame amamera pansi pa mitengoyi, osati m'dimba. Nkhalango ikapita ku makala, bowa uja amapita nayo, ndipo chilichonse chodya pa bowayo chimasowa pogwira.

Kodi Protura ndi kachilombo?

Pa Chichewa funsoli likumveka lopanda mutu, chifukwa mawu akuti kachilombo timanenera nsabwe, kangaude, ka malungo ngakhale ka HIV. Akatswiri ali ndi malire opapatiza. Zamoyo zonse za miyendo isanu ndi umodzi amazitcha Hexapoda. Tinene kuti imeneyi ndi mbumba imodzi. M'mbumbamo muli bere lalikulu, Insecta, mmene muli bwanoni, njuchi, chiswe, udzudzu ndi ena osawerengeka, onse a zodyera zoonekera kunja kwa mutu. Ndiye muli timagulu titatu ting'onoting'ono topanda mapiko, timene zodyera zake zinabisika m'kathumba mkati mwa mutu, n'kumatuluka pakudya pokha: Collembola, tija timadumpha ngati utitiri ukavundukula manyowa onyowa, Diplura, ndi Protura. Mabuku akale ankawaika onse pamodzi. Ambiri a lero amati timagulu titatuti ndi asuweni a Insecta, osati ana a m'nyumbamo.

Berlese, poona kakulidwe kowonjezera mfundo kaja, anawatcha Myrientomata, dzina losonyeza kuti akufanana ndi abongololo. Kafukufuku wa majini, tinthu ta m'thupi tosunga chibadwa, anadzaonetsa zina: mbumba yonse ya miyendo isanu ndi umodzi ili pafupi ndi nkhanu kuposa ndi bongololo. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2014, wotsogozedwa ndi Bernhard Misof, anayerekeza kuti mbumbayi inayamba zaka pafupifupi 479 miliyoni zapitazo, nthawi imene zomera zinkayamba kumene kukhazikika pa mtunda. Mu nthawi yakale yoteroyo ndimo mzere wa Protura unapatukana ndi wa makolo a bwanoni.

Malo enieni a Protura m'mbumbamo akadali pa mkangano, ndipo maganizo alipo atatu. Ena amati m'bale wawo wapafupi ndi Collembola. Ena amati ndi Diplura, poti onse awiri alibe maso. Enanso, potengera kafukufuku wa majini wa mu 2024, amati Protura ndiye anayamba kupatuka, ena onse n'kutsala pamodzi. Chimene chikanaweruza mlanduwu ndi zotsalira za m'miyala, ndipo za Collembola zilipo: ku Rhynie m'dziko la Scotland anapeza ka zaka zoposa 400 miliyoni. Za Protura palibe anazipezapo, chifukwa kathupi kofewa chotero sikasiya chidindo.

Chiswe cha dzina lomwelo

Chiswe chija ndi Nasutitermes corniger, cha ku Central America ndi zilumba za Caribbean, chimene chinapezeka ku Dania Beach m'chigawo cha Florida mu 2001. Asilikali ake alibe mano aakulu ngati agang'a a pachulu. Mutu wawo ndi wakuda, wothera ku kamphuno kosongoka kofayira madzi onanda ngati ulimbo amene amamata nyerere. Poyamba ankachitcha chiswe cha m'mitengo, koma dzinalo linkanyenga eni nyumba kuganiza kuti matabwa a nyumba zawo ndi otetezeka, choncho analisintha n'kuchitcha potengera mutu wa msilikaliyo. Abale ake a mphuno zotere aliponso kuno ku Africa, m'tizulu ting'onoting'ono ta m'malo a udzu.

Zimene zikudikira mayankho

Pa bwanoni, zambiri zimene zinalembedwa ndi za ku Uganda, Tanzania ndi Kenya, pafupi ndi nyanja ya Victoria kumene mvula imagwa kawiri pachaka. Kuno imagwa kamodzi. Kodi wathu amaswana m'madambo omwe tili nawo pafupiwa, kapena amachokera kutali ndi mphepo? N'chifukwa chiyani chaka china amagwa wochuluka, chaka china osaoneka n'komwe? Pa gulu limodzi mumapezeka wobiriwira, wofiirira ngati udzu wouma, ndi wina wa mizere yofiirira moderako. Ofufuza aona kuti kuchuluka kwa a maonekedwe osiyanasiyanawa kumasintha ndi nyengo, koma gawo la chibadwa ndi gawo la malo okulira silinalekanitsidwe bwino. Palinso nkhani ya mankhwala: bwanoni amene wadya m'munda wa mpunga wopoperedwa dzulo, n'kugwa pa getsi lero, amafika m'chiwaya atanyamula chiyani?

Pa Protura mafunso ndi oyambirira penipeni. Kakweredwe kake sikanafotokozedwe bwinobwino, chifukwa n'kovuta kuonerera kanthu kamene kamafa ukangokatulutsa m'chinyontho. Timatiziwalo tiwiri ta pamutu pake, tooneka ngati maso koma tosaona, ena amati ndi zotsalira za tinyanga, ena amati ndi tomvera chinyontho. Sizinadziwikenso ngati kuyamwa kwake kumafooketsa bowa wa m'mizu kapena kumamuthandiza kuphuka timaulusi tatsopano. Ndipo pa mitundu 800 ija, yochuluka inapezeka ku Ulaya, China ndi Japan, kumene kunali anthu okhala ndi fanulo ndi nthawi yowerenga tiubweya ta pa miyendo. Ya kumwera kwa chipululu cha Sahara yolembedwa ndi yochepa kwambiri. Ndi mitundu ingati ili pansi pa masamba a misuku ku Dzalanyama, ku Chimaliro kapena m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo ingati mwa iyo ilibe dzina m'chinenero chilichonse?